Mmene Mbewu Zimadzutsira Kapena Kugonetsa Mabakiteriya: Phunziro la M'minda ya ku Chitipa

Mlimi wa nyemba wa kumapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, amachizindikira chaka choipa masamba asanathothoke n'komwe. Mvula ikamagwa mowirikiza kunja kukuzizira, pamasamba pamatuluka timadontho tooneka ngati padonthera mafuta. Pakapita masiku ochepa kadontho kalikonse kamazunguliridwa ndi mkombero wachikasu, masamba a kunsonga amapinimbira, ndipo makoko a nyemba amagwidwa mawanga onyowa. Wochititsa zimenezi ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas syringae pv. phaseolicola, amene nthawi zambiri amalowa m'munda atabisala mu mbewu yomwe tadzala tokha.

Chodabwitsa n'chakuti mbewu yomweyo ikadzalidwa kumalo otentha, monga kugombe la nyanja ku Karonga, timadontho tija tingaoneke koma mkombero wachikasu kawirikawiri subwera, ndipo matendawo sakula kwambiri. Bakiteriya ndi yemweyo, nyemba ndi zomwezo, koma kuonongeka kwasiyana. Apa tikuphunzira kuti kukhalapo kwa kachilombo ndi nkhani ina, ndipo ukali wake, kutanthauza mphamvu yake yodwalitsa, ndi nkhani inanso. Ukaliwo umayaka ndi kuzima. Nyengo imatengapo mbali, koma asayansi apeza kuti zambiri mwa zinthu zouyatsa ndi zouzimitsa zimachokera m'thupi la mbewu yeniyeniyo: shuga, maasidi ndi makemikolo ena amene mizu, masamba ndi mabala a mbewu zimatulutsa.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Ambiri a ife fizi yathu imachokera ku nyemba, mbatatesi, tomato ndi nthochi za makolo athu. Munda ukafota, teremu yotsatira imakhala pachiswe.

Chifukwa chake bakiteriya sakhala waukali nthawi zonse

Bakiteriya ndi selo limodzi lokha, laling'ono moti masauzande angakwane pansonga ya singano. Kupanga zida zoukira mbewu kumamudyera mphamvu zambiri. Akadamapanga zidazo ali m'dothi kapena pamwamba pa tsamba louma, pamene palibe choukira, akadatha mphamvu pachabe n'kupitiriridwa ndi anzake. Choncho amadikira chizindikiro chomuuza kuti wafika mkati mwa mbewu yoyenera.

Chida chachikulu cha mabakiteriya ambiri odwalitsa mbewu chili ngati jakisoni. Ndi kachubu kopangidwa ndi mapuloteni kamene kamaboola khoma la selo la mbewu n'kuthiramo mapuloteni ena osokoneza chitetezo chake. Malangizo opangira jakisoniyu ali mu DNA ya bakiteriya, m'zigawo zimene asayansi anazitcha hrp. Zigawo zimenezi zinapezeka koyamba mu 1986 ku University of California, Berkeley, ndi Peter Lindgren, Richard Peet ndi Nickolas Panopoulos, ndipo bakiteriya amene ankamufufuza ndi yemwe uja wa mkombero wachikasu pa nyemba. Ataononga zigawozo, bakiteriya analephera kudwalitsa nyemba ngakhale anali wamoyo ndithu.

Bakiteriya wotere akamakulira m'botolo la chakudya chochuluka ku labotale sapanga jakisoni. Akangolowa m'timipata ta pakati pa maselo a tsamba, amayamba kupanga m'maola ochepa. Kodi amadziwa bwanji kuti wafika? Mu 2014, gulu la asayansi a ku University of Missouri linayankha mbali ya funsoli pogwiritsa ntchito kachitsamba kotchedwa Arabidopsis, kamene ndi kachibale ka mpiru ndi kabichi. Anapeza kuti maasidi wamba a m'madzi a tsamba, monga citric acid amene timamumva kuwawasa mu mandimu ndi aspartic acid, pamodzi ndi shuga, ndiwo amauza bakiteriya kuti asongole zida. Zomera zimene zinkatulutsa maasidiwa pang'ono sizinkadwala kwambiri, ndipo asayansi atawathira okha patsamba, matenda anabwereranso mwamphamvu. Zomera sizitulutsa zinthuzi pofuna kuitana mdani. Ndi chakudya ndi zomangira thupi lake, koma mdaniyo anaphunzira kuziwerenga ngati mmene mbala imawerengera utsi wa pakhomo kuti idziwe ngati eni ake alipo.

Fungo la bala

Chitsanzo chodziwika bwino kuposa zonse ndi cha Agrobacterium tumefaciens, bakiteriya wa m'dothi amene amachititsa zotupa zolimba patsinde la mitengo ya zipatso ndi maluwa, pafupi ndi nthaka. Njira yake ndi yochititsa kaso: amadula kachidutswa ka DNA yake n'kukalowetsa mu selo la mbewu. Selolo limayamba kuchulukana mosalamulirika n'kumapanga chakudya chapadera chimene bakiteriya yekhayo ndiye amatha kudya. Mary-Dell Chilton ndi anzake ndiwo anasonyeza mu 1977 kuti DNA ya bakiteriya imapezekadi m'maselo a chotupacho.

Koma bakiteriyayu sachita zimenezi pa mbewu yopanda bala. Mu 1985, Scott Stachel, Eric Messens, Marc Van Montagu ndi Patricia Zambryski, akugwira ntchito ku Ghent m'dziko la Belgium, anapeza kuti maselo ovulala a fodya amatulutsa kemikolo yotchedwa acetosyringone. Pakhungu la bakiteriya pali puloteni yogwira ntchito ngati mphuno. Ikamva kemikoloyi imadzutsa puloteni ina mkati, ndipo iyo imatsegula malangizo onse osamutsira DNA. Shuga wotuluka pabala ndi kuwawasa kwa madzi a pabalapo zimawonjezera mphamvu ya chizindikirocho. Makemikolo a mtunduwu ndi achibale a zinthu zimene mbewu imagwiritsa ntchito polimbitsa makoma a maselo ndi kutseka mabala. Ndiye kuti pamene mbewu ikudzimanga bala, fungo la ntchitoyo ndi lomwe likuitana mdani.

Phunziro lake kwa wosamalira nazale kapena womezanitsa mitengo ndi loonekeratu. Bala lililonse la khasu, mpeni kapena chikwanje si khomo lokha lolowera, komanso ndi belu loitanira.

Kufota kwa mbatatesi, tomato ndi fodya

Matenda a mabakiteriya amene amasautsa alimi ambiri a m'dimba ndi a kumapiri m'Malawi muno ndi kufota kobwera ndi Ralstonia solanacearum. Bakiteriyayu anafotokozedwa koyamba ndi Erwin F. Smith ku America mu 1896, ndipo amagwira mitundu ya zomera yoposa 200. Chizindikiro chake tonse tinachionapo: tomato wobiriwira bwinobwino amanyala masana ngati wasowa madzi, pamene dothi lili lonyowa, usiku amatsitsimuka pang'ono, koma m'masiku ochepa amafa masamba akadali obiriwira. Mbatatesi yake ukaidula imaonetsa mzere woderako wozungulira mkati, ndipo ukaifinya pamatuluka timadontho toyera.

Ulendo wa bakiteriyayu umayambira m'dothi. Mizu ya mbewu iliyonse imatayira m'nthaka shuga, maasidi ndi tizidutswa tomangira mapuloteni. Ralstonia ali ndi timichira tosambira nato m'madzi a m'dothi, ndipo amatsata kumene fungo la zinthuzi likuchuluka, makamaka malic acid. Mu 2006, Jian Yao ndi Caitilyn Allen a ku University of Wisconsin anachita kafukufuku wosavuta kumva. Anatenga mabakiteriya otha kusambira koma osatha kutsata fungo. Atawathira m'dothi, anadwalitsa tomato mochepa kuyerekeza ndi anzawo abwinobwino. Atawalowetsa okha mkati mwa tsinde, anapha tomato mofanana ndi anzawo aja. Mphuno ndiyo inali kusiyanitsa, ndipo chimene mphunoyo imatsata chimachokera ku mizu.

Akalowa kudzera m'mabala a mizu, kapena pamene timizu tating'ono timatulukira, amakakhazikika m'timitsempha tonyamula madzi kuchokera ku mizu kupita ku masamba. Ali mmenemo amachita chinthu china chofunika kuchimvetsa: amawerengana. Bakiteriya aliyense amatulutsa kemikolo pang'ono, ndipo aliyense amamva kuchuluka kwa kemikoloyo pomuzungulira. Akakhala ochepa amangosambira ndi kuswana mwakachetechete. Akachuluka kufika mamiliyoni m'kadontho kamodzi, onse amasintha khalidwe nthawi imodzi n'kuyamba kutulutsa nthamvu yonanda yambiri imene imatseka timitsempha tija. Madzi saathanso kukwera, ndipo mbewu imafa ndi ludzu ili pa dothi lonyowa. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo tizilomboti timakhala ngati tinawamva.

Nthamvu imeneyi ndi imene imatipatsa njira yoyezera matendawa popanda makina. Tidule tsinde la mbewu yofota pafupi ndi nthaka, tiviike nsonga yodulayo m'tambula yagalasi ya madzi oyera, ndipo tisaigwedeze. Ngati ndi Ralstonia, m'mphindi zochepa timaona timizere toyera ngati utsi tikutsika kuchokera patsindepo. Kufota kobwera ndi nkhungu kapena chilala sikutulutsa timizere timeneti.

Kumalo ozizira ngati Misuku pali msampha wina. Mtundu wa Ralstonia umene umakonda mbatatesi umatha kukhala mkati mwa mbatatesi yooneka yabwino osaonetsa chizindikiro chilichonse. Chitipa ili m'malire ndi Tanzania komanso Zambia, ndipo mbewu imadutsa m'manja ambiri m'misika ndi pachibale. Mbatatesi yosalala yogulidwa pamsika ikhoza kufikitsa matenda m'munda umene sunawaonepo, ndipo akakhazikika m'dothi amatenga zaka kuti achepe.

Kuola kwa mbatatesi ndi kabichi m'matumba kumayendanso njira yofanana. Mabakiteriya a mtundu wa Pectobacterium amatulutsa pang'ono timadzi tosungunula pectin, ulimbo umene umamata maselo a mbewu. Tizidutswa ta pectin wosungunukayo tikabwerera kwa bakiteriya, timamuuza kuti chakudya chilipo, ndipo iye amawonjezera timadzi tija kambirimbiri. Mbatatesi imodzi yotemeka ndi khasu, itaikidwa yonyowa m'thumba losalowa mpweya, ikhoza kuoletsa zinzake zonse.

Mbewu nayo siigona tulo

Tikadalekera pamenepa tikadaganiza kuti mbewu ndi yopusa, yongodziulula kwa adani. Si choncho. Zomera zambiri sizidwala ndi mabakiteriya ambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi makemikolo omwewa.

Ena ndi poizoni weniweni amene mbewu imapanga ikangomva kuti yaukiridwa. Nyemba, mwachitsanzo, zimapanga phaseollin pamalo pamene mdani walowera. Ena saapha bakiteriya koma amamulanda zida. Zomera za banja la mpiru, repu ndi kabichi zimasunga makemikolo amene amasanduka okalipa tsamba likatafunidwa kapena kuphwanyidwa, ndipo n'chifukwa chake mpiru umaluma pamphuno. Mmodzi mwa makemikolowa ndi sulforaphane. Mu 2011, asayansi a ku John Innes Centre ku England anasonyeza kuti sulforaphane amaletsa mitundu yambiri ya Pseudomonas kukula m'tsamba la Arabidopsis, ndipo mitundu yotha kudwalitsa chomeracho ndi imene ili ndi njira yomuswa kapena kumutaya kunja. Mu 2020, asayansi a ku China anawonjezera kuti sulforaphane amamatirira pa puloteni imene imalamula kupanga jakisoni uja, moti bakiteriya amakhala wamoyo koma wopanda chobayira.

Salicylic acid, wachibale wa asipirini, ndi uthenga umene mbewu imatumiza m'thupi lake lonse kuti lidzikonzekeretse. Kemikolo yomweyo imafooketsanso Agrobacterium pomuletsa kutsegula malangizo ake osamutsira DNA. Mbande za chimanga nazo zimatulutsa makemikolo otseka mphuno ya bakiteriya ameneyu.

Mabakiteriya sangokhala osabwezera. Gulu la Caitilyn Allen linapeza kuti Ralstonia amatha kuswa ferulic acid ndi achibale ake, amene mizu imatulutsa podziteteza, ndipo mitundu ina imaswanso salicylic acid. Zimene mbewu inakonza ngati poizoni, iye amazisandutsa chakudya. Nkhondoyi ilibe wopambana mpaka kalekale.

Sikuti uthenga wonse wa mizu umapita kwa adani. Tikazula nyemba kapena soya timaona timatuza pamizu. Mkati mwake mumakhala mabakiteriya abwino a mtundu wa Rhizobium amene amatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Mizu ndiyo imawaitana potulutsa makemikolo otchedwa flavonoid, ndipo mabakiteriyawo akamva amayankha ndi kemikolo yawo imene imauza muzu kuti umange katuza. Ntchito ya flavonoid imeneyi inatsimikizika mu 1986 ku Stanford University, m'gulu la Sharon Long. Chinenero ndi chimodzi chomwecho. Bwenzi ndi mdani onse amamvetsera pakhomo limodzi.

Kuzizira, ndi nzeru ya nyemba zosakaniza

Mkombero wachikasu wa pa nyemba umabwera ndi poizoni wotchedwa phaseolotoxin. Poizoniyu amatseka njira imene tsamba limapangira arginine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, ndipo malo amene wafika amataya kubiriwira. Bakiteriya amamupanga kwambiri kukazizira pafupifupi madigiri 18 mpaka 20, koma kukatentha kufika madigiri 28 amaleka. Mapiri a Misuku, amene mbali zina amapitirira mamita 1,500, amapereka kuzizira ndi chinyezi chimene iye amafuna. Nyengo imene imakometsa khofi wa kumeneko ndi yomweyo imene imanola bakiteriyayu.

Alimi a kumpoto anali ndi yankho lawo kalekale. Mu 1987, Gregory Martin ndi Wayne Adams a ku Michigan State University anafalitsa kafukufuku wa nyemba za makolo za kumpoto kwa Malawi. Anapeza kuti mabanja amadzala mitundu yambiri yosakaniza m'munda umodzi, yosiyana mtundu, kukula ndi mameredwe. Munda wotere suugwa wonse nthawi imodzi, chifukwa madontho a mvula onyamula bakiteriya kuchokera pa nyemba yodwala nthawi zambiri amagwera pa nyemba ina yosamulandira. Martin yemweyo mu 1993 anatsogolera ntchito yopeza Pto, gawo la chibadwa cha tomato limene limazindikira puloteni imene Pseudomonas amabaya kudzera mu jakisoni uja n'kudzutsa chitetezo. Chida cha mdani chimasanduka chomuulula.

Ofufuza zaulimi m'dziko muno anatulutsanso mitundu ya nyemba yopirira matenda. Napilira, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1990, imadziwika kuti imalimbana bwino ndi matenda a mkombero wachikasuwa. Mitundu yatsopano ndi yothandiza, koma tisalole kuti ichotse m'nkhokwe mitundu ya makolo. M'kusiyanasiyana kumeneko ndi mmene ofufuza a mawa adzapezamo chitetezo chimene lero sitikuchidziwa.

Zimene tingachite m'munda

Mbewu ikagwidwa ndi Ralstonia palibe mankhwala opopera amene angaichize. Ntchito yonse ili pa kupewa, ndipo zimene taona pamwambazi zikutiuza chifukwa cha lamulo lililonse la alangizi.

Choyamba ndi mbewu yoyera. Tisasunge mbewu ya mbatatesi kapena nyemba kuchokera m'munda umene munaoneka matenda, ngakhale ikuoneka yabwino. Chachiwiri ndi kasinthasintha. Munda umene munafota tomato usalandire mbatatesi, fodya, tsabola kapena mabiringanya, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi ndipo mizu yake imadyetsa mdani yemweyo. Tidzalemo chimanga, mawere kapena mapira kwa zaka zingapo, tikuzula mbatatesi zomera zokha ndi zitsamba za banja lomwelo monga mnadzi. Chachitatu ndi kuchepetsa mabala: kupalira mosamala pafupi ndi mizu, ndi kuwaula mipeni ndi zikwanje pamoto kapena kuzitsuka ndi Jik tisanapite pa mbewu ina. Lamulo la zida ndi lofunikanso kwa alimi a nthochi, chifukwa kufota kwa nthochi kobwera ndi Xanthomonas, kumene kunabuka ku Uganda mu 2001 n'kufika m'chigawo cha Kagera ku Tanzania patapita zaka zochepa, kumayenda kwambiri ndi chikwanje ndi ana a nthochi. Chachinayi, tisalowe m'munda wa nyemba masamba ali onyowa, ndipo madzi ochokera m'dimba lodwala asayenderere m'dimba la mnzathu. Mbewu yofota tiizule ndi dothi lake n'kuikwirira kapena kuitentha kutali, osaiponya pa mulu wa manyowa.

M'mayiko ena alimi amadula mpiru tizidutswa n'kuukwirira m'dothi asanadzale tomato kapena mbatatesi, kuti makemikolo okalipa aja achepetse mabakiteriya. Njirayi imachepetsa matenda koma siwathetsa, choncho ndi yowonjezera pa zinazo, osati yolowa m'malo mwake. Pokayikira, tifunse mlangizi wa m'dera lathu tisanaononge ndalama pa mankhwala opha nkhungu amene sakhudza bakiteriya.

Kwa ife ophunzira zaumoyo

Mabakiteriya odwalitsa anthu nawonso amawerengana, ndipo ena, monga Salmonella, ali ndi jakisoni wofanana ndi wa adani a nyemba. Pseudomonas aeruginosa, amene amavuta pa zilonda za moto, amadikira kuti achuluke asanatulutse poizoni wake wambiri. Mu 2012, asayansi a ku Copenhagen anasonyeza ku labotale kuti ajoene, kemikolo yochokera ku adyo, imasokoneza kuwerengana kwa bakiteriyayu. Ofufuza ali ndi chidwi ndi njira imeneyi yolanda zida m'malo mopha, chifukwa mabakiteriya ambiri ayamba kupirira mankhwala amene tili nawo. Koma tisathamange. Zimene zachitika m'botolo la ku labotale sizitanthauza kuti adyo wa mu ndiwo angachize chilonda kapena chibayo. Wodwala apite kuchipatala, ndipo amalize mankhwala monga wauzidwira.

Tchuthi chikubwera, ndipo ambiri tidzapeza dimba la kwathu lili ndi tomato kapena mbatatesi. Tikadzaona mbewu yofota pa dothi lonyowa, tidzatenge mpeni woyera ndi tambula ya madzi, tiitane makolo ndi anansi kuti aone okha timizere toyera tija. Munthu akaona mdani ndi maso ake savutika kumvetsa chifukwa chake chaka chamawa pamalopo payenera kudzalidwa chimanga.